Ulusi wa kaboni: chifukwa chake china chimauma gwa, china n'kumapindika ngati uta

Amene amanyamula katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula amazidziwa bwino ndodo zakuda zopepuka za ulusi wa kaboni zimene alendowo amakwerera nazo phiri la Mulanje. Munthu wathupi ndithu amaitsamira ndodoyo potsika ku Chambe koma siiwerama n'komwe. Ikangopanikizika mumng'alu wa mwala imati thyo, osayamba yakhota kaye ngati yachitsulo. Ndodo zamakono zowedzera nsomba zimapangidwa ndi zinthu zomwezo, chonsecho izo zimapindika ngati uta n'kuwongokanso. Phazi lochita kupanga limene othamanga oduka mwendo amavala limafwamphuka ngati msampha, pomwe mkono wa drone, umene ophunzira a ku yunivesite ya MUST ku Thyolo amakumana nawo, sufunika kugwedera ngakhale pang'ono. Pamwamba pa izi panabwera nkhani ya mu June 2023, pamene Titan, sitima yaing'ono ya pansi pa nyanja yomwe thunthu lake linali la kaboni, inaphwanyika ikupita kukaona zotsala za Titanic, anthu asanu n'kufa.

Ambiri pamenepa amafunsa kuti, kodi kaboniyu ndi wolimba kapena ndi wosalimba, ndi wouma kapena ndi wofewa? Funsolo lilibe yankho limodzi, chifukwa kaboni sabwera ndi khalidwe lake lokhazikika ngati mmene chilili chitsulo. Khalidwelo amalipanga ndi munthu woyala, posankha kumene ulusi uloze, kuchuluka kwake, ndi malo amene nsalu iliyonse ikhale.

Ulusi ndi utomoni

Ulusi umodzi wa kaboni ndi wa mamaikulomita 5 mpaka 7 kukula kwake, kutanthauza kuti tsitsi la munthu limauposa pafupifupi ka 10. Wambiri umachokera ku pulasitiki yotchedwa PAN. Ulusi wa pulasitikiwo amayamba auwotcha pamene pali mpweya pa madigiri 200 mpaka 300, kenaka amaulowetsa m'ng'anjo yopanda okosijeni pa madigiri oposa 1,000. Wootcha makala akudziwa kale zimene zimachitika: mtengo ukapsa utakwiriridwa ndi dothi, zina zonse zimauluka ngati utsi, n'kutsala kaboni. Kusiyana kwake n'kwakuti kufakitale ulusi umapsa uli chikokereni, ndiye timagulu ta kaboni timandanda motsata utali wa ulusiwo. Mphamvu yonse imagona m'kandandidwe kameneka. Nzeruyi si yachilendo kwenikweni, popeza mu 1880 Thomas Edison ankawotcha tizingwe ta nsungwi kuti apeze ulusi woyaka m'mababu ake, ngakhale kuti ulusi wonyamula katundu unadza pambuyo pake, ndi ntchito ya Akio Shindo ku Osaka ku Japan cha m'ma 1960 ndi ya akatswiri a ku Farnborough ku England mu 1963.

Ulusi umagulitsidwa m'mitolo. Mukaona 3K ndiye kuti mtolo uli ndi ulusi 3,000, 12K ndi 12,000. Mitoloyi amailuka kukhala nsalu, kapena amangoiyala yonse mbali imodzi osailuka, n'kuitcha UD. Kulemera kwa nsalu amakutchula m'magalamu pa sikweya mita, ndipo yofala kwambiri ndi ya magalamu 200.

Ulusi pawokha uli ngati luzi: mungaukoke, koma simungaukankhe. Umafuna chougwirizira, ndipo kawirikawiri chimenechi ndi utomoni wotchedwa epoxy, umene umabwera m'zigubu ziwiri, utomoni weniweni ndi mankhwala ougwiritsa. Ntchito ya utomoni ndi kusunga ulusi pamalo pake, kupatsira katundu kuchoka ku ulusi wina kupita ku unzake, ndi kuuletsa kukhwinyata ukamapanikizidwa. Utomoniwo wokha ndi wofooka kwambiri.

Kuuma si kulimba

Mawu awiriwa tiwasiyanitse, chifukwa chisokonezo chambiri chimayambira pano. Kuuma m'nkhani ino ndi kukana kupindika kapena kutamuka. Kulimba ndi kukula kwa katundu amene chinthu chingapirire chisanathyoke. Galasi la pawindo ndi louma koma losalimba. Linya ndi lolimba koma losauma.

Kuuma amakuyeza ndi magigapasikali, olembedwa GPa. Chitsulo chili pa 200 kapena kuposerapo pang'ono, aluminiyamu pa 70, epoxy pa 3 basi. Ulusi wamba wa kaboni, monga T300 ndi T700 za kampani ya Toray, uli pa 230. Awiriwa ndi ofanana kuuma, koma T700 ndi wolimba kuposa mnzake. Palinso ulusi wouma kwambiri monga M40J, umene uli pa 377, koma umenewu suchedwa kuduka ukatamuka ndiponso ndi wodula. Wogula akamva kuti "high modulus" asaganize kuti wapeza chosathyoka. Wapeza chouma, ndipo nthawi zambiri chimakhala chosapirira kugundidwa.

Ulusi ukasakanizidwa ndi utomoni manambala amatsika. Nsalu ya UD yopangidwa bwino, imene ulusi watenga magawo 60 pa 100 a malo, imakhala pa 135 GPa motsata ulusi. Mopingasa ulusi imakhala pa 9 yokha. Nsalu imodzi yomweyo ndi youma ka 15 mbali ina kuposa mbali inzake. Chitsulo sichitero, chimakhala chimodzimodzi kulikonse kumene mungachikokere. Chimene kaboni amapambanira ndi kupepuka: amalemera magalamu pafupifupi 1.6 pamene chitsulo chofanana kukula chikulemera 7.8. N'chifukwa chake theka la kulemera kwa thupi la ndege ya Boeing 787 ndi zinthu zosakaniza zotere.

Kumene ulusi waloza

Tengani mphasa. Imapindika mosavuta mbali imodzi, mpaka kuikulunga n'kuiimika pakona. Yesani kuipinda mbali inayo, mothyola bango, ikukanirani. UD ndi mphasa. Nsungwi nayonso ndi chimodzimodzi: woluka madengu othyolera tiyi amaing'amba m'litali ndi kampeni chabe, koma kuidula mopingasa amafuna chikwanje. Nsalu yoluka ili ngati lichero, theka la ulusi lapita uku, theka uko, ndiye mbali zonse ziwiri zimakhala pakati pa 60 ndi 70 GPa. Imatsikirakonso pang'ono chifukwa ulusi woluka umayenda mokwera ndi kutsika, ndipo ulusi wokhota umayamba wawongoka usananyamule katundu. Nsalu yoluka modumpha mitolo iwiriiwiri, yotchedwa twill, imagona bwino pa chikombole chokhotakhota kusiyana ndi yoluka umodziumodzi.

Oyala amatchula ngodya poyerekeza ndi utali wa chinthu chimene akupanga, ndipo ngodya zinayi ndizo zimagwira ntchito yambiri.

Madigiri 0 ndi ulusi wotsata utali. Uwu ndiwo umakana kukokedwa, kukankhidwa ndi kuwerama. Ndodo yokwerera phiri ili ndi ulusi wambiri wotere, n'chifukwa chake siigonja munthu akaitsamira.

Madigiri 90 ndi ulusi wopingasa, kapena wozungulira ngati chinthucho ndi paipi. Ntchito yake ndi ya mikombero ya nkhokwe: kugwira zoimirira kuti zisayadzuke. Paipi ikamawerama imafuna kuphwatalala, ndipo ikangophwatalala imathyoka. Ulusi wozungulira ndiwo umaisunga yobulungira. Mapaipi otsika mtengo opangidwa mochita kukoka pamakina, otchedwa pultruded, ulusi wake wonse ndi wa madigiri 0. Ndi ouma bwino, koma mukawamanga ndi bawuti kapena kuwapota amang'ambika m'litali ngati nsungwi youma. Ambiri opanga ma drone amagwa m'mbuna imeneyi.

Madigiri 45 ndi madigiri -45 amayenda awiriawiri, ndipo ndi amene amakana kupotoka. Chinthu chikamapotedwa, mphamvu imadutsa mopendekeka, mbali ina ikukoka, mbali ina ikukankha. Mmisiri wa matabwa amakhomera thabwa lopendekeka pachitseko cha khola pa chifukwa chomwechi. UD pa kupotoka ili pa 5 GPa chabe, pomwe nsalu zoyalidwa pa 45 ndi -45 zimapitirira 30. Koma nsalu zomwezo mukazikoka m'litali zimangopereka 15 mpaka 20.

Mukayala ngodya zonse zinayi mofanana mumapeza chipepa chimene chili pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse, cha m'ma 50 GPa, kutsika kuposa aluminiyamu. Kayalidwe kameneka n'kothandiza pamene simukudziwa kumene katundu achokere, kapena pamene pali mabowo ambiri a mabawuti. Koma kuyala chilichonse motere ndi kuwononga ndalama, chifukwa mwalipira ulusi wodula n'kuuloza kumene kulibe ntchito.

Ngodya sizikhululuka. Nsalu imodzi ya UD ikapendekeka ndi madigiri 10 okha, kuuma kwake kumatsika kuchoka pa 135 kufika cha m'ma 80. Nsalu ikakwekwereka pansi pa burashi kapena ikadulidwa mongoyerekeza ndi maso, zotsatira zake zimakhala zimenezi.

Malo a nsalu m'kuchindikala

Apa ndi pamene pagona nzeru imene ambiri oyamba kumene saidziwa. Thabwa likamawerama, nkhope yakunja imatamuka, yam'kati imapanikizika, ndipo pakatikati sipachitika kanthu. Nsalu yapakati ili ngati munthu wanyamula nawo denga la nkhokwe koma mutu wake sukufika.

Tiyerekeze nsalu 8 zofanana zoyalidwa pamodzi. Pa kuwerama, ziwiri zakunja kwenikweni zimanyamula 58 peresenti ya ntchito, ziwiri zotsatira 30, zotsatiranso 11, ndipo ziwiri zapakati sizifika n'komwe 2 peresenti. Tsopano tengani nsalu 4 za madigiri 0 ndi 4 za madigiri 90. Mukaika za 0 kunja, ziwiri pamwamba ziwiri pansi, kuuma kwa pa kuwerama kumakhala pafupifupi 119 GPa. Mukatembenuza, za 90 kunja ndi za 0 pakati, kumatsika kufika pa 25. Ulusi ndi womwewo, kulemera n'komweko, ndipo mukazikoka m'litali zonse ziwiri zipereka cha m'ma 72. Koma pa kuwerama china n'chouma pafupifupi ka 5 kuposa chinzake.

Izi mungathe kuziyesa pabenchi. Dulani kachidutswa ka mamilimita 25 m'lifupi, kochindikala mamilimita 1.6, mukamange pa vayisi kuti katulukire mamilimita 200, ndipo kunsonga mukoloweke botolo la madzi la theka la lita. Choyamba chija chiwerama pafupifupi mamilimita 13. Chachiwiri chiyandikira 60. Aliyense wofuna kupanga chinthu chenicheni ayambe ndi tizidutswa totere, chifukwa kaboni woyala pamanja sakwanitsa manambala a m'mabuku.

Kuchindikala kuli ndi mphamvu yaikulu kuposa zonsezi. Mukawirikiza kuchindikala kawiri, kuuma kwa pa kuwerama kumakwera ka 8. Mukawirikiza utali wa mkono kawiri, nsonga yake imawerama ka 8. Pachifukwa chimenechi opanga safuna kudzaza pakati ndi kaboni. Amaikapo chinthu chopepuka chongotalikitsa nkhope ziwirizo, monga thovu louma la PVC, mtengo wa balsa, kapena pepala lolukidwa ngati zisa za njuchi. Nkhope ziwiri za theka la milimita iliyonse zikamatidwa pamodzi zimapanga chipepa cha milimita imodzi. Ikani pakati pake thovu la mamilimita 5, chipepacho chiuma pafupifupi ka 90, pomwe kulemera kwangokwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu. Vuto lake n'lakuti bawuti imaphwanya thovu. Pamalo pa bowo muchotse thovulo, muikepo kaboni wokhawokha kapena kachidutswa ka plywood yabwino.

Mukafuna kuti chipindike

Ambiri amaganiza kuti njira yofewetsera ndi kuchepetsa ulusi wa madigiri 0 n'kuchulutsa wa 45. Chinthucho chimafewadi, koma katundu amasamukira pa utomoni, ndipo utomoni sudziwa kubwerera. Ukapanikizidwa nthawi yaitali, makamaka kukatentha, umagonja pang'onopang'ono n'kutsala chikhotereni. Chinthu chimene chiyenera kufwamphuka kambirimbiri, monga phazi lochita kupanga kapena ndodo yowedzera, chimafunabe ulusi wambiri wa madigiri 0. Kufewa kwake kumachokera ku kupyapyala ndi kutalika.

Masamu ake ndi apafupi. Ulusi wamba umaduka ukatamuka ndi 1.5 mpaka 2 peresenti ya utali wake. Chipepa cha milimita imodzi chikapindidwa mozungulira paipi ya mamilimita 100 kukula kwake, nkhope yake imatamuka ndi 1 peresenti. Cha mamilimita 4 chifika pa 1 peresenti yomweyo pa mgolo wa mamilimita 400. Wanzeru amasiya mpata waukulu, osafika ngakhale theka la pamene ulusi umadukira.

Kuti mbali ina iume, ina ifewe, nsalu zimathera m'malo osiyanasiyana. Patsinde pangakhale nsalu 12, kunsonga 4. Zisathere pamzere umodzi, chifukwa pamenepo pamakhala sitepe, ndipo mng'alu umayambira pa sitepe. Lamulo lofala ndi lakuti pa milimita iliyonse ya kuchindikala imene mukuchotsa mutenge mtunda wa mamilimita 20. Nsalu ya mamilimita 0.25 ndiye kuti ithere mamilimita osachepera 5 kuchokera pamene inzake yathera. Nsalu zothera panjirazi zibisike m'kati, zakunja zikhale zathunthu kuchokera kutsinde mpaka kunsonga.

Njira ina ndi kusakaniza ndi ulusi wa galasi, umene anthu amaudziwa kuti fibreglass. Uwu uli pa 72 GPa, ndipo umatamuka kwambiri usanaduke. Chenjezo lake n'lakuti pamene ziwirizi zaloza mbali imodzi, chouma ndicho chimasenza katundu. Kansalu kamodzi ka kaboni pamwamba pa galasi wambiri kamanyamula kuposa gawo lake n'kuyamba kuduka ndi iko.

Njinga yothamangitsa ya kaboni imaonetsa zonsezi pamodzi: mapaipi aakulu okhala ndi nsalu zambiri za 45 pafupi ndi mapedulo kuti isapotoke popalasa, ndi timapaipi topyapyala kumbuyo kuti imwe mabampu. Ya kabaza yonyamula matumba a chimanga kapena mikoko ya nthochi ili ndi zofuna zina. Imagwa, imagundidwa, ndipo imafuna kuwotcheredwa pa msika. Chitsulo chimakwanitsa zimenezo, kaboni ayi.

Malamulo awiri osadumphika

Loyamba: nsalu za pamwamba pa mzere wapakati zikhale chithunzi cha zapansi. Mukayala 0, 45, -45, 90, mubwerere 90, -45, 45, 0. Akatswiri amalemba [0/45/-45/90]s, ndipo kachilembo komalizako kakutanthauza kubwereza chobwerera. Chifukwa chake ndi ichi: utomoni umafota ukamagwira ndiponso ukamazizira, pomwe ulusi m'litali mwake sufota. Nsalu iliyonse ndiye imafota mopingasa ulusi wake. Nsalu ya 0 pamwamba ndi ya 90 pansi zimakokerana mosiyana, ndipo chipepa chimatuluka m'chikombole chitakhota ngati thabwa laliwisi losiyidwa padzuwa. Chotero sichiwongoka.

Lachiwiri: nsalu iliyonse ya 45 ikhale ndi inzake ya -45. Popanda zimenezi chinthu chimapotoka chikamawerama. Pali amene amaswa lamuloli dala. Ndege yoyeserera ya X-29, imene inauluka koyamba mu 1984 mapiko ake ataloza kutsogolo, inayalidwa kuti phiko likamawerama lizipotokera mbali yochepetsa mphamvu ya mphepo. Imeneyo ndi ntchito ya masamu akulu, si yongoyesa.

Pali malangizo ena ang'onoang'ono. Pa chinthu chonyamula katundu wochokera mbali zambiri, ngodya iliyonse mwa zinayi zija isachepere 10 peresenti. Nsalu zoloza kumodzi zisapitirire 4 motsatizana. Kunja kwenikweni kukhale nsalu yoluka, chifukwa imapirira kukalika ndiponso sinyotsoka pobowola.

Kayalidwe kake pamanja

Tinene kuti mukupanga chipepa cha masentimita 30 kwa 50, cha nsalu 6 za magalamu 200. Ulusi wonse ulemera magalamu 180. Poyala pamanja utomoni umafunika wolemera mofanana ndi ulusi, kuphatikiza wotsalira m'kapu ndi m'burashi, ndiye konzani magalamu cha m'ma 208. Ngati chigubu chalemba 100 kwa 30 polemera, ndiye magalamu 160 a utomoni ndi 48 a mankhwala. Yezani pa sikelo yowerenga galamu imodziimodzi, ndipo muonetsetse ngati muyezo wa pachigubu uli wa kulemera kapena wa kuchuluka, chifukwa ziwirizi sizifanana. Amene anazolowera utomoni wa polyester wokonzera mabampala amaonjezera mankhwala kuti ugwire msanga. Epoxy satero. Mankhwala opitirira amatsala osagwirizana ndi kanthu, ndipo chinthu chimatuluka chofewa mpaka kalekale.

Chikombole cha chipepa chafulati chingakhale galasi lochindikala. Lipakeni phula loletsa kumata kangapo, kupukuta pakati pa ulendo uliwonse. Nsalu zonse zidulidwe utomoni usanasakanizidwe. Matani tepi yapepala pamzere wodula, n'kudula pakati pa tepiyo kuti nsalu isasosoke, ndipo lembani nambala ndi ngodya pa iliyonse. Zikanyowa zonse zimaoneka zofanana.

Takasani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu. Musasiye utomoni wambiri m'kapu yakuya, chifukwa umadzitenthetsa wokha mpaka kufuka utsi ndi kusungunula kapuyo. Uthireni m'mbale yotambalala, kapena sakanizani pang'onopang'ono. Pakani kaye pachikombole, yalani nsalu, ndipo muzidinda ndi burashi kuti utomoni ukwere kuchokera pansi. Kupaka ngati penti kumakoka ulusi n'kusokoneza ngodya. Kaboni ali ndi msampha wake pano: nsalu ya ulusi wa galasi ikanyowa imaonekera, koma kaboni ndi wakuda kaya wanyowa kaya ayi. Choncho gawani utomoni ndi sikelo, magalamu 30 pa nsalu iliyonse.

Kenaka pamabwera thumba lotulutsa mpweya. Pamwamba pa kaboni pamagona nsalu ya nayiloni yodzasenda pambuyo yotchedwa peel ply, kenaka pulasitiki yobowolabowola, kenaka nsalu yathonje yomwa utomoni wotsala ndi kupereka njira ya mpweya, ndipo pomaliza pulasitiki ya thumba yomatidwa m'mphepete ndi tepi yonga phula. Pampu ikatulutsa mpweya, mpweya wakunja umapsinja ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse, kumene kuli ngati matani 10 pa sikweya mita. Ambiri amagwiritsa ntchito kompuresa ya firiji yakale ndipo imakwanira. Thumba likhale ndi mapindo otayirira m'makona. Likakhala lokungika limadumpha kona ngati mlatho, ndipo pansi pake pamatsala dziwe la utomoni kapena mphako. Tsekani paipi, zimitsani pampu, muyang'ane geji kwa mphindi 10. Ikamatsika ndiye kuti penapake pakudontha. Thumba lotseka bwino limakupulumutsaninso magetsi akazima ntchito ili m'kati. Chipepa chimene pamanja chikanatuluka cha mamilimita 1.5 chimatsika kufika cha m'ma 1.3, chopepuka ndiponso chopanda timabowo tambiri.

Mafakitale amagwiritsa ntchito nsalu yonyowetsedwa kale yotchedwa prepreg, yosungidwa pa madigiri -18 n'kuphikidwa pa 120 kapena 180 mumphika waukulu wopanikiza mpweya. Mfundo za ngodya ndi malo ndi zomwezi.

Nyengo ya kuno

Malo okwera mamita 900, monga mbali zambiri za Thyolo, mpweya wake ndi wopepuka ndi pafupifupi 10 peresenti kuyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja ya mchere. Geji ikakana kufika kumapeto, nthawi zina pampu ilibe vuto, ndi pamene mpweya wa kuno wathera.

Chiperoni ndiye mdani wamkulu. Epoxy wambiri amagwira mwaulesi kukazizira kutsika madigiri 15, amalimba m'chigubu osalowa bwino mu ulusi, ndipo chinyezi chimasiya kankhungu konata pamwamba, kooneka ngati mafuta. Chilichonse chomatidwa pa kankhungu kameneka chimasendeka. Kamachoka ndi madzi ofunda ndi kasiponji, osati thinala, ndipo kachoke musanakwechese ndi sandipepala. Nsalu nazo zisungidwe m'pulasitiki yotseka.

Mu October vuto limatembenuka. Utomoni wolembedwa kuti upereka mphindi 30 pa madigiri 20 ungakupatseni 15 zokha pa madigiri 30, ndiye yalani m'mamawa. Komanso epoxy wogwira popanda kuphikidwa amayamba kufewa cha m'ma madigiri 50 mpaka 60, ndipo chinthu chakuda chosiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka chimafika pamenepo. Njira yothetsera vutoli ndi kuchitenthetsa pakatha tsiku limodzi, pa madigiri 60 mpaka 80 kwa maola angapo molingana ndi malangizo a utomoniwo, kukweza kutentha pang'onopang'ono chili chigonere pa chikombole. Penti yoyera imathandizanso.

Zobisika m'kati

Magetsi amadutsa mu kaboni. Fumbi lake likalowa m'chopukusira, m'kompyuta kapena m'soketi limayambitsa shoti, ndipo m'mapapo ndi pakhungu si labwino. Dulani monyowetsa, muvale masiki ndi magolovesi. Epoxy wosagwira akamakhudza khungu kawirikawiri amayambitsa ziwengo zimene sizitha. Ndodo yaitali ya kaboni isayandikire mawaya a magetsi, ndipo isanyamulidwe chiimire pamwamba pa phiri kukuchita ziphaliwali. Pa drone, chikuto cha kaboni chimatchinga ma siginolo a GPS ndi a wailesi, ndiye pamwamba pa eriyo pamaikidwa nsalu ya ulusi wa galasi. Kaboni akakhudzana ndi aluminiyamu pamalo achinyezi, aluminiyamuyo amadyeka msanga. Kansalu kopyapyala ka galasi pakati pawo kamaletsa zimenezi.

Choopsa kwambiri n'chakuti kaboni sachenjeza. Chitsulo chikagundidwa chimakhota n'kuonetsa bala. Kaboni akagundidwa nsalu zimatha kulekana m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Nsalu zolekana zili ngati matabwa opyapyala ongosanjikizidwa opanda guluu, ndipo pamene zimapanikizidwa ndi pamene zimagonja mwadzidzidzi. Kumanga bawuti mopyola muyezo kumachita zomwezi, n'chifukwa chake zomangira za njinga za kaboni zimalembedwa malire, kawirikawiri 5 Nm, umene ndi muyezo wa mphamvu yomangira bawuti. Njira yapafupi yofufuzira ndi kugogoda ndi ndalama yachitsulo. Pabwino pamalira mokweza, polekana pamati phuphuphu ngati dzungu loola m'kati. Njirayi imagwira pa zinthu zopyapyala. Zochindikala zimafuna makina a ultrasound.

Pokonza pothyoka, amakwechesa mozungulira balalo motsetsereka, mamilimita 20 kapena kuposerapo pa milimita iliyonse ya kuchindikala, mpaka nsalu zonse zitaoneka ngati mizere ya m'tsinde la mtengo wodulidwa. Mizereyo ndiyo imakuuzani ngodya za amene anayala poyamba, ndipo iliyonse imabwezeretsedwa ndi nsalu yoloza komweko, n'kuonjezera imodzi pamwamba. Chigamba chochindikala mopyola chimaumitsa malowo kuposa oyandikana nawo, ndipo ulendo wotsatira chinthucho chimathyokera m'mphepete mwa chigambacho.